Utuchi pa Tsinde la Khofi

M'chaka cha 1994, alimi khumi ndi awiri a m'mudzi wina pafupi ndi Mtenguleni anapanga kalabu yolima khofi. Ambiri anali Akatolika, mabanja atatu anali Asilamu. Wogula wa ku Lusaka ankafuna khofi wosathira mankhwala, choncho anapangana kuti woona chilombo m'munda uliwonse aziuza anzake tsiku lomwelo.

Edita, mayi wamasiye wa mumpingo wa Katolika, anachita malire ndi Mwasiti, Msilamu. Awiriwa ankabwerekana mchere mpaka pa ukwati wa Yosefina, mwana wa Edita, pomwe Mwasiti anavina koma nyama osailawa, poti mbuziyo sinazingidwe ndi shehe. Edita anasunga mangawa.

Mmawa wina, Mwasiti ali ku maliro ku Mchinji, Edita anadutsa m'malire ndipo anaona utuchi pansi pa mitengo iwiri ya mnzakeyo. Anadziwa kuti mbozi yoboola tsinde yalowa. Anaima pang'ono, kenaka anapitiriza ulendo.

"Wonyansidwa ndi mbale yanga adzionere yekha," anatero mumtima.

Mwasiti atabwerako anatanganidwa ndi golosale ya amuna ake ku msika wa Kapata ku Chipata. Mvula yoyamba itagwa, tizilombo tinatuluka m'mitengo ija n'kuuluka, osafunsa kuti munda uwu mwini wake amapemphera tsiku liti. Pofika chaka chotsatira, mizere isanu ya Edita inali itachita chikasu.

Apampando a kalabu, a Gerson, anagamula kuti mitengo yodwala izulidwe ndi kutenthedwa. Loweruka onse anafika ndi makasu. Mwasiti ankazula pambali pa Edita, thukuta lili kamukamu.

"Pepani, amake Yosefina," anatero Mwasiti. "Zinayambira kwanga izi. Ndikanaona msanga bwenzi mitengo yanu ilipo."

Edita anatsamira mpini, maso pansi. "Ine ndinaona, Anaphiri. Inali mitengo iwiri yokha. Ndinakhala chete chifukwa cha nyama ija."

Mwasiti anaika khasu pansi. "Mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti si mbale yanu imene ndinkakana. Kwanga kwatsala mbande, mawa mudzatengeko."

Edita anabzala mbandezo, koma khofi sabereka asanathe zaka zitatu. Anzake akamanyamula matumba kupita ku Chipata, iye ankangothandiza kusoka. Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.