Tsiku Limene Khwangwala Anapikisana ndi Kakowa

Padambo lina panali mbalame zoyera ndi mbalame zakuda, ndipo sizinkamwera pamodzi. Tsekwe, mkulu wa zoyera, anali wonyada kwambiri. Iyeyu ndi amene analamula kuti zoyera zizimwa kumtunda kwa mtsinje, zakuda kumunsi kumene madzi ankafika atavunduka kale. Ngakhale mpikisano wouluka wa chaka ndi chaka unali wa zoyera zokhazokha. Zakuda zinkangosesa bwalo.

Chaka china Khwangwala, yemwe sankadziwa kubwerera m'mbuyo, anakaima pamzere wa opikisana. Tsekwe anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamulola, poganiza kuti akagwa panjira zakuda zonse zichita manyazi. Opikisana ankayenera kuzungulira phiri n'kubwerera, ndipo woyamba kutera panthambi ya mkuyu ndiye wopambana. Woweruza anali Nkhanga, wamantha chibadwire.

Nkhanga ataliza mluzu, mbalame zinanyamuka. Kuseri kwa phiri kunali chimphepo, moti zambiri zinatopa n'kukatera m'tchire. Anatsala awiri: Khwangwala ndi Kakowa, katswiri wa zoyera amene anali asanagonjepo. Anabwera phiko ndi phiko mpaka pafupi ndi mkuyu, pamene Khwangwala anadziponya kutsogolo n'kugwira nthambi, Kakowa n'kutera pambuyo pake pang'ono chabe.

Tsekwe anayandikira Nkhanga n'kumunong'oneza kuti akumbukire kuti ana ake amamwa madzi kumtunda, kwa zoyera. Ndi mawu apansipansi, Nkhanga analengeza kuti wapambana ndi Kakowa.

Nthawi yomweyo zakuda zinatola miyala. Zoyera zinatambasula mapiko, zikunola milomo pansi. Amayi anayamba kubisa anapiye m'udzu. Panangotsala kuti mwala umodzi uponyedwe, magazi akhetsedwe.

Kakowa anatsika mumtengo akupuma wefuwefu, n'kuima pakati pa magulu awiriwo. Tsekwe anamubweretsera mkanda woyera wa wopambana, koma iye sanaweramitse khosi.

"Agogo, pepani, mkandawu si wanga," anatero Kakowa. "Ndatera ndikuona mchira wa Khwangwala patsogolo panga."

"Mwana iwe, ukabwerezanso mawu amenewo usadzapondenso kumtunda," anayankha Tsekwe.

"Ndamva, agogo. Koma ndagonja."

Atatero anatenga mkandawo n'kumuveka Khwangwala m'khosi. Khwangwala anatembenukira kwa abale ake n'kuwapempha kuti aike miyala pansi, popeza iye anabwera kudzauluka, osati kudzamenyana. Miyala inagwa umodziumodzi.

Tsekwe anachitadi zimene ananena: Kakowa anathamangitsidwa, ndipo abale ake ena anasiya kumupatsa moni. Iye anasamukira kumunsi, kumene m'mawa uliwonse ankayeserera kuuluka ndi Khwangwala. Posakhalitsa ana a zoyera anayamba kuzemba makolo awo kuti akaphunzire momwe Khwangwala anadutsira m'chimphepo chija. Akatopa ankamwa pomwepo ndi anzawo akuda, ndipo palibe amene anadwala.

Chaka chotsatira zoyera zachinyamata zinakana kuuluka pokhapokha zakuda zitaloledwa. Tsekwe anakalipa mpaka mawu anasasa, koma pamzere panaima mbalame za mitundu yonse, ndipo mluzu unalira iye asanamalize kulankhula.

Phunziro: Pabwalo la masewera amaona luso, osati mtundu wa nthenga. Ndipo wogonja akavomereza zoona poyera, ngakhale zimutayitse zambiri, tsankho limasowa poima.