Khofi wa pa Makala

Panali mayi wina amene ankachita lendi nyumba za mdadada, zija ukakhosomola wa kuseri kwa khoma amati pepani. Tsiku lina masana, akupeta mpunga, anamva aneba ake akukangana.

"Anzanu pochokera ku ntchito amabwera ndi mafuta ophikira. Inu mwabwera ndi zinyalala, n'kupaka pa nyama yanga."

"Si zinyalala, make Ndaona, ndi khofi. Kuhotela kuja ndimaona ophika akuotchera nyama."

"Mumaona muli pageti. Lawani nokha."

Mwamunayo anali mlonda pa hotela ina. Anatola khofi amene ophika anali atataya, n'kudzamupaka pa nyama ya mbuzi ngati mchere. Nyama inawawa ngati mankhwala a malungo, mwana analavula. Chikhalirecho inali nyama yoyamba kulowa m'nyumbamo chichokere Khirisimasi. Mkazi anayamba kumanga zovala m'chitenje, akuti akupita kwawo ku Phalombe.

Mayi wopeta mpunga uja mawu anali nawo. Ankadziwa kuti mwamunayo samva za munthu, ndipo mkaziyo pakamwa m'polusa. Koma anati mumtima: ndikawauza, mawa onse awiri sandipatsa moni, chitenjenso sichimasulidwa.

Anagogoda. "Odi, anzanga. Yosaotcha yatsalako?"

Inali itatsala theka. Mayi uja anakulira ku Thyolo, kumene mayi ake ankafutsa nyama pa utsi wa makoko a khofi. Anatsuka nyamayo, nathira mchere wokha. Anadikira kuti malawi athe pa mbaula, makala afiire. Kenako anatapa khofi yemweyo, kadzanja kamodzi, anamunyowetsa pang'ono n'kuwaza pa makala. Nyama anaiika pa waya, navundikira ndi beseni lakale. Utsi unayamba kutuluka m'mbali, wonunkhira mpaka panjira.

Itapsa anadula nthuli ziwiri, anaika pa mbale imodzi, nabwerera ku mpunga wake. Posakhalitsa anamva kuseri kwa khoma:

"Ine ndinanena kuti khofi."

"Munanena khofi, simunanene makala. Sambani m'manja, bambo a Ndaona, ikuzizira."

Awiriwo anakhala pansi, nadya.

Amayi anzanga, mawu owawa kawirikawiri amakhala oona, musawataye. Koma musamupake nawo munthu akadali wolusa, alavula. Dikirani malawi athe, tapani pang'ono, muwaze pambali. Fungo alimva yekha.