Penti Ikapsa Sibwerera

Panali munthu wina ku Ndirande amene ntchito yake inali yopolisha magalimoto. Ankagwirira pansi pa shedi ya malata m'mbali mwa msewu. Makina ake anali ndi siponji yozungulira kutsogolo, ndipo pachogwirira panali kagudumu ka manambala, kuyambira wani mpaka sikisi. Pa wani siponji inkayenda ngati ikuganiza. Pa sikisi inkalira ngati chigayo.

Lachisanu lina m'mawa kunabwera mayi wamasiye ndi galimoto yakale yofiira. Penti yake inali itasuluka ndi dzuwa, yotuwa ngati njerwa.

"Bambo, mawa mwana wanga akukwatiwa," anatero mayiyo. "Wakana magalimoto onse obwereka, akuti akwera ya malemu bambo ake basi. Koma musaipentenso ayi. Penti yomweyi ndi imene iwo ankaipukuta Loweruka lililonse."

Munthu uja anayamba ntchito. Anadontheza polishi pa siponji, naika makina pa wani kuti polishiyo afalikire bwino, kenako anakweza kufika pa fili. Kufiira kunayamba kubwerera, koma pang'onopang'ono. Dzuwa linafika pamutu atangomaliza boneti ndi denga. Kumbuyo kunali minibasi ziwiri zikudikira.

Mnzake wowotcherera zitsulo, wa shedi yoyandikana nayo, anayamba kumuseka. "Achimwene, makinawo akudwala malungo kodi? Ikani pa sikisi. Kapena mukufuna mkwatibwi akafike kutchalitchi ali ndi zidzukulu?"

Iye anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa. Pa chitseko chakumbuyo panali mzere wautali wokandika, umene sunkachoka. Anazunguza kagudumu mpaka pa sikisi, nakanikiza makina pamzerepo. Mzerewo unayambadi kuzilala.

Koma munthuyu anali ndi chizolowezi chimodzi. Akapolisha pang'ono, ankaima n'kukhudza pamalopo ndi kumbuyo kwa dzanja. Atakhudza, analichotsa msanga. Panali potentha ngati chiwaya. Anatembenuza siponji, ndipo anapeza yafiiriratu ndi penti. Anadziwa kuti akangopitiriza kamphindi kena, aona chitsulo chamkati, ndipo penti ikapsa sibwerera.

Anazimitsa makina nadikira kuti pazizire. A minibasi anawapempha kuti adzabwere Lolemba, ndipo mmodzi anachoka akunyinyirika. Kenako anabweza kagudumu pa thu. M'makona ndi m'mphepete, momwe penti imakhala yopyapyala, anasiya makina n'kumapukuta ndi nsalu pamanja. Mzere uja anauyesa ndi chikhadabo, chikhadabocho chinakodwa. Unali wakuya. Anangousalaza m'mbali, nausiya.

Mayi uja atabwera madzulo, anaona nkhope yake pa boneti ngati pa kalilole.

"Pepani mayi, apa pokha ndalephera," anatero munthu uja, akuloza chitseko. "Ndikanati ndiufufute wonse, penti ikanatha."

Mayiyo anayendetsa chala pamzerewo, namwetulira. "Uwu ndi wa mkwatibwi yemweyo. Anaukanda ndi njinga ali wamng'ono, n'kukabisala kuseri kwa bafa chifukwa cha mantha. Bambo ake anakamunyamula kumeneko, namuuza kuti, 'Mawa ndikuphunzitsa kugwira mabuleki.' Mwachita bwino kuusiya."

Abale ndi alongo, makina aja ndi mawu athu odzudzula. Tonse tili nawo, ndipo ndi ofunika, pakuti mwana wosalangizidwa amasuluka ngati penti yosiyidwa padzuwa. Koma ambirife timadziwa nambala imodzi yokha, sikisi. Mwana akataya madzi pansi, sikisi. Mkazi kapena mwamuna wathu akaiwala chinthu, sikisi. Mbale akapunthwa mumpingo muno, sikisi pamaso pa anthu. Cholakwa chija chimazilaladi, koma sitiima kuti tikhudze ndi dzanja, timve mmene mtima wa munthuyo watenthera.

Ife amene tili ndi ana aang'ono kunyumba timadziwa: mwana akayamba kubisa nkhope tikangolowa pakhomo, ndiye kuti patentha. Pamenepo zimitsani. Dikirani pazizire. Muyambirenso pa wani.

Mulungu ndi mmene amachitira ndi ife. Mphamvu ali nazo zonse, koma amadziwa pamene ndife opyapyala, ndipo pamenepo amatigwira ndi dzanja lofewa. Zina amatikonza lero, zina chaka chamawa. Zipsera zina amazisiya, kuti tikaziona tizikumbukira tsiku limene tinayenera chilango koma tinanyamulidwa.

Ngati mwakhala mukukanikiza pa sikisi, musataye mtima. Munthu uja nayenso anafikapo pamenepo, koma anaima nthawi ikadalipo, ndipo m'mawa mwake mkwatibwi anakwera galimoto ya bambo ake. Kagudumu kaja kakadali pansi pa chala chanu. Mukafika kunyumba lero, kabwezeni.