Chala cha Fanuwelo

Kalekale, agogo anu asanamere mano, kunali mudzi wina kuseri kwa phiri. Mudziwo unali wa zulu zambiri ndi anthu ochepa. Pakati pake panali katchalitchi kofolera ndi udzu, ndipo belu lake linali khasu lakutha lopachika mumtengo. Kumapeto kwa mudziwo kunkakhala mayi wamasiye dzina lake Nachisale, ndi ana ake awiri aamuna. Wamkulu anali Fanuwelo, wamng'ono anali Yotamu.

Fanuwelo anali wamphamvu, waliwiro ndi wapakamwa. Yotamu anali wochepa thupi, woyenda pang'onopang'ono, wa mawu apansipansi. Kuthamanga, woyamba Fanuwelo. Kukwera mtengo, woyamba Fanuwelo. Kuloweza mawu ku Sande sukulu, woyamba Fanuweloyo basi. Anazolowera kutsogola mpaka anayamba kuyesa kuti malowo anabadwa nawo.

Mvula yoyamba itagwa, Nachisale anaitana ana ake. Aliyense anamuthira nthanga za maungu m'manja.

“Aliyense asankhe chulu chake adzale,” anatero mayiyo. “Dzungu loposa onse ndi la Mulungu. Mudzalisenza nokha kupita nalo kutchalitchi pa tsiku la masika, pamene tonse timakapereka zokolola.”

Fanuwelo anathamangira chulu chachikulu. Anamwaza nthanga zake, n'kufotsera ndi phazi, ulendo kukasewera mpira wachikulunga. Yotamu anatenga kachulu kotsala. Anakumba maenje, anathira ndowe za mbuzi, anazula udzu ndi manja. Mvula inagwa pa zulu zonse ziwiri mofanana, pajatu mvula ilibe tsankho. Koma pa chulu cha Fanuwelo panakula chisoso, pomwe pa kachulu ka Yotamu maungu anayanga mpaka kutsikira m'njira.

Amayi opita kumadzi ankaima n'kumati, “Mwana wa Nachisale wamng'onoyu ali ndi dzanja.” Nachisale naye ankamwetulira, amvekere, “Ali nalo ndithu.” Mawu amenewa ankamulasa Fanuwelo. Sanalire, sanakalipe, sanauze munthu. Anangowameza, ndipo anakakhala m'mimba mwake ngati mwala.

Tsono m'mudzimo munali mwambo umene mwana aliyense ankaudziwa. Dzungu likadali laling'ono sililozedwa ndi chala. Ukafuna kulionetsa mnzako umaloza ndi chibakera, kapena ndi mlomo. Ukaliloza ndi chala, akuluakulu ankati limanyala n'kugwa. Iwe wakhala kutsogolowe, ndakuona, wayamba kale kubisa dzanja.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Fanuwelo anadutsa pa kachulu ka mng'ono wake. Kunali zii. Mphepo kunalibe, mbalame sizinkalira, nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe. Anaima n'kumayang'ana timaungu tobiriwira tili mbwee pakati pa masamba. Pamenepo m'duwa limodzi munatuluka bemberezi wakuda, wamkulu kuposa abemberezi onse amene iye anawaonapo. Anazungulira mutu wake, n'kudzaima m'malere pafupi ndi khutu. Kulira kwake kunali ndi mawu:

Loza, Fanuwelo, loza,
Chala n'chako, diso n'lako,
Akuona ndani?

Fanuwelo anacheuka kumanja, anacheuka kumanzere, anacheuka kumbuyo. Panalibe munthu. Kuyang'ana kumwamba kokha ndiko anaiwala. Anatulutsa chala chake cha mkombaphala, n'kuloza kadzungu kamodzi.

M'mawa mwake kadzunguko kanali katachita chikasu. Pofika madzulo kanathothoka. Yotamu anakatola, n'kukatembenuzatembenuza kufuna mphutsi, koma mphutsi munalibe. Fanuwelo anamva kukoma mumtima, kukoma kwake kozizira. Anapitanso masana ena, bemberezi anaimba, iye analoza. Anapitanso, analozanso. Timaungu tinayoyoka kamodzikamodzi, ndipo amayi opita kumadzi aja anasiya kuima.

Koma ulendo wina atamaliza kuloza, chala chinakana kupinda. Anachikankha ndi dzanja linalo, chinabwerera. Anachiluma, sichinamve. Chinangouma gwa, chowongoka ngati msomali. Anayamba kudya ndi dzanja lamanzere, lamanjalo atalibisa m'malaya.

“Dzanjalo latani?” anafunsa Nachisale.

“Ndabayidwa ndi minga, amayi.”

“Bwera ndikuzule.”

“Ndazula kale. Lipola lokha.”

Lamulungu ku Sande sukulu ana anapinda manja kuti apemphere. Zala za anzake zinalukana bwinobwino. Za Fanuwelo zinalukana zonse kupatula chimodzi, chimene chinangoima chokha pamwamba. Anachiphimba ndi chipewa, ndipo pemphero silinatuluke pakamwa pake.

Choopsa chinali chakuti chalacho chinayamba kudziyendera. Fanuwelo akangosirira kanthu ka mng'ono wake, chinkatembenuka chokha ngati mutu wa njoka. Yotamu anali ndi kamwanapiye koyera kamene kankamutsatira paliponse. Fanuwelo anangoti mumtima, “Bwanji sikatsatira ine?” Dzanja linasololoka m'malaya, chala chili tololo kwa kamwanapiyeko. Kutacha anakapeza kali gada pakhomo pa khola.

Apa Fanuwelo anachita mantha. Analumbira kuti sadzasiriranso kanthu. Koma nsanje si galu woti ungamuuze kuti choka, iye n'kuchoka.

Masana ena Nachisale anakhala pakhonde akumeta Yotamu tsitsi. Mwanayo anali wachisoni chifukwa cha maungu ake ndi kamwanapiye kake. Mayiyo anamugoneka pamiyendo, akumusisita pamutu, n'kumati, “Usadandaule, mwana wanga wabwino.” Fanuwelo anali chapatali akuona. Mumtima mwake munadutsa kaganizo kakang'ono: “Ngakhale maungu atha, wabwino ndi yemweyo.” Kudenga kunamveka kulira kwa bemberezi. Dzanja linatuluka. Fanuwelo analigwira ndi linzake, analikokera pansi, analipanikiza ndi bondo, koma chala chinali chitaloza kale pakhosi pa Yotamu.

M'mawa mwake Yotamu anadzuka maso atachita chikasu. Phala anakana. Manja ake anafota ngati nkhwani wothyoledwa dzulo, khosi linaonda, mutu unayamba kulendewera. Nachisale anafuna mankhwala kwa onse owadziwa, osathandiza. Amayi a chigwirizano anabwera, anaimba, anapemphera, anabwerera ali khuma. Fanuwelo yekha ndiye ankadziwa mathero ake, poti anali ataona mmene dzungu limathothokera.

Anathawira kudambo kukalimbana ndi chala chake. Anachimanga ndi luzi, luzi linaduka. Anachikwirira m'matope, chinatuluka chili chowongoka. Anachiika pamwala n'kuchitswanya ndi mwala unzake, koma mwala ndi umene unasweka. Anayesa kudziloza yekha pachifuwa kuti tsokalo libwerere kwa mwini, chalacho chinakana kutembenuka. Anakhala pansi n'kulira, chifukwa mng'ono wakeyo ankamukonda, ndipo anazindikira zimenezi mochedwa.

Tsiku la masika linafika. Khasu lija linalira mumtengo, anthu anayamba kudutsa atasenza chimanga, mtedza ndi nzimbe. Nachisale sanachoke pambali pa mphasa. Atatuluka pang'ono kukatunga madzi mumtsuko, Yotamu anaitana ndi mawu osamveka bwino.

“Achimwene.”

Fanuwelo anayandikira pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana.

“Achimwene, dzungu latsala limodzi. Lili kuseri kwa chulu, pansi pa udzu umene ndinaunjika. Palibe amene ndamuuza, ndi inu nokha. Mukandiperekere kwa Mulungu.”

“Ndamva.”

“Poti pa chulu chanu sipanabale, mukhoza kukanena kuti ndi lanu. Anzanu asakakusekeni.”

Fanuwelo anatembenukira kukhomo. Anatuluka.

Kuchulu kunali zii ngati tsiku loyamba lija. Anafukula udzu ndi dzanja lamanzere, nkhope atayang'ana kumbali. Dzungu linalipo, lalikulu, lokhwima, lopanda banga. Bemberezi analiponso, atatera pa phesi lake ngati wakhala akudikira.

Loza, Fanuwelo, loza,
Latsala limodzi, nkhani ithe,
Akuona ndani?

Dzanja linayamba kusololoka kumsana, likufuna kutsogolo. Fanuwelo anagwada, n'kulikumbatira dzungulo ndi mikono, chala chitapitirira kuloza kuthengo. Anapotokola phesi, ananyamuka nalo pachifuwa. Linali lolemera, ndipo popanda chala chija linkangoterereka. Bemberezi sanamusiye. Anamutsatira njira yonse ali pakhutu, nyimbo atasintha:

Nena n'lako, Fanuwelo,
Mwini wakupatsa, mwini akufa,
Akutsutsa ndani?

Atalowa m'tchalitchi anthu anatembenuka onse. Kutsogolo kunali mulu wa zokolola, koma dzungu lotere panalibe. Amayi anayamba kunong'onezana, “Ndi Fanuwelo uyu, mwana wamphamvu.” Mawu amene ankawalakalaka dzinja lonse anali atafika, otsekemera ngati uchi. Mkulu wa mpingo amene ankalandira zoperekazo anatambasula manja.

“Dzungu lokongolali walima ndani, mwanawe?”

Bemberezi anali atatera pa mtanda wa denga, ndipo kulira kwake kunkamveka kwa Fanuwelo yekha. Kunena kuti “ine” kunali kosavuta.

“Walima ndi Yotamu,” anatero Fanuwelo. “Ine sindinapalire, changa chinabala chisoso.”

Akanatha kulekera pomwepo, koma chala chinali chikadali chouma.

“Maungu ake enawo ndinapha ndine. Ndinkawaloza dala, chifukwa anthu ankamuyamikira. Kamwanapiye kake ndinapha ndine. Tsopano ndaloza iye mwini, ndipo akufa. Ndinkati palibe akundiona. Mulungu andikhululukire, ndipo mundipempherere mng'ono wanga.”

Anagwada kuti apereke dzungulo ndi manja awiri, monga mwana woleredwa amaperekera chinthu kwa wamkulu. Pamenepo panamveka kuti thyo, ngati kamtengo kouma kathyoka. Chala chinapinda n'kugwira dzungu pamodzi ndi zinzake. Kudenga kunagwa kanthu kakuda. Ana amene anathamangira kukaona anapeza chikhungwa cha bemberezi, chouma, chopanda kanthu m'kati, ngati anafa chaka chatha.

Mpingo unayamba kupemphera, koma Fanuwelo sanadikire ameni. Anathamanga kuposa mmene anathamangirapo. Atafika anapeza chitseko chili pululu. Analowa. Mphasa inali yopinda, itaimikidwa pakona. M'nyumba munalibe munthu, munalibe mawu, ndipo Fanuwelo ankadziwa nthawi imene anthu amapinda mphasa ya wodwala.

Kenaka kuseri kwa nyumba kunamveka supuni ikukanda mbale.

Yotamu anali atatsamira khoma padzuwa, akukomba phala. Maso ake anali atayera. Nachisale anali pambali pake akupukuta misozi ndi chitenje. Fanuwelo anagwada pamaso pa awiriwo n'kunena zonse, osasiyako kanthu. Mayi wake anagwira pakamwa. Yotamu anangoyang'ana m'mbale.

“Ndinkadziwa, achimwene,” anatero. “Ndinakuonani tsiku lina mukuloza. Ndinali kuseri kwa chulu ndikuzula udzu.”

“Unkadziwa, osawauza amayi?”

“Akanakukwapulani.”

“Nanga bwanji unandiuza pamene unabisa dzungu lotsala? Ndikanatha kuliloza.”

“Ndikanauza ndani? Achimwene anga ndi inu nokha.”

Apa m'pamene Fanuwelo analira kulira kwenikweni, koposa kwa kudambo kuja. Yotamu anaika mbale pansi, n'kugwira chala chija ndi dzanja lake lowonda, osachiopa. Nachisale anawayang'ana onse awiri. Ndodo sanatenge. Anangoti, “Chaka chamawa chulu ndi chimodzi. Wina azikumba, wina azithira nthanga.”

Chala cha Fanuwelo sichinawongokenso mpaka ukalamba wake. Chinakhala chokhota pang'ono, chotha kugwira khasu koma chosatha kuloza. Mlendo akamufunsa njira, ankamuonetsa ndi dzanja lonse lotambasula.

Tsono ana inu, mwamva. Nsanje imayambira pa dzungu, koma siithera pa dzungu, imakafika pakhosi pa mbale wako. Mng'ono wako akayamikiridwa, iwe sunalandidwe kanthu, poti Mulungu amene anagwetsa mvula pa chulu chake anagwetsanso pa chako. Ukamva kamawu kakuti akuona ndani, dziwa kuti Wakumwamba akuona. Ndipo ukalakwa usalimbane ndi luzi, matope ndi miyala. Ulula, pepesa, chita choyenera, pakuti Ambuye amakhululukira wolapa. Dzungu limawola, koma chibale ndi fupa, sichiwola.

Kaphuleni dzungu pamoto lisanapserere, ndipo chibenthu chachikulu mupatse wamng'ono. Nthano yanga yagona pamenepo.