Chisoso pa Buluku la Kaputeni

Kudimba kwa mayi Enifa, kumunsi kwa Naisi, mpunga ukayamba kucha ntchito inali imodzi basi, kulimbana ndi mpheta. Ankamangirira zitini pa chingwe chodutsa dimba lonse, iwo n'kukhala pachulu, mbalame zikangotera n'kukoka. Koma panali mbalame imodzi imene sankaiingitsa. Ndege ikangomveka kuseri kwa phiri la Zomba, mayiwo ankataya chingwe, n'kutola lichero, n'kumaligwedezera kumwamba mpaka phokoso litazirala. Mpheta za ku Domasi si zopusa. Zinaphunzira kuti ndege ikalira ndiye kuti belu la nkhomaliro lalira.

"Achemwali, imeneyotu ndi ya azungu a fodya," ankatero a Lackson, mlongo wawo. "Wanuyo amauluka ku Zambia."

"Kumwambako kuli mpanda?" ankayankha mayiwo, maso akadali m'mitambo.

Wawoyo anali Tobias, mwana mmodzi yekha wamwamuna. Anakulira m'dimba lomwelo, legeni ili m'khosi. M'mamawa ntchito yake inali kutsogola m'kanjira ka kudambo, akukuntha mame ndi miyendo yake kuti amayi ake adutse pouma. Ankafika atanyowa mpaka m'chiuno, kabudula atadzaza chisoso, ndipo mayi ankamukhazika pachulu n'kumamuchotsa chisosocho chimodzichimodzi uku akumunena kuti amayenda ngati mbuzi yothawa chingwe.

Kenako bambo ake anamutengera ku migodi ya ku Kitwe, ati sukulu ili kumeneko. Bambowo chifuwa chinawatenga, koma mwana anatsala komweko ndi mutu wogwira masamu ngati ulimbo. Mu 1964 mbendera zitasintha uko ndi kuno, asilikali anayamba kufuna anyamata akuda oti aziulutsa ndege. Tobias anamutumiza kutsidya kwa nyanja, n'kubwerako akuyendetsa zija zankhondo, zimene umati ukamva phokoso n'kuyang'ana kumwamba, mwiniwake wafika kale kwawo ndipo akumwa tiyi. Mipando nayo inali yambiri masiku amenewo, poti azungu ankalongedza. Asanamere ndevu zokwanira, mwana wa mayi Enifa anali Kaputeni.

Mu Meyi 1969 uthenga unafika kuti akubwera. Kaputeni mnzake ankakwatira mtsikana wa ku Zomba, ndipo Tobias ndiye anali woperekeza mkwati. Mayi anazira khonde, anasinja mpunga watsopano, tambala wofiira amene ankadzutsa mudzi wonse anamugamula mlandu.

Galimoto yobwereka inaima pa Naisi dzuwa likungosuzumira. Tobias anatsika atavaliratu suti ya ukwati, buluku litasitidwa mpaka lakuthwa ngati mpeni, nsapato zowala zoti ntchentche ikatera inkaterereka. A Lackson anali akudikira pamsewu.

"Takulandirani, bwana wa mitambo. Njira ndi yomwe ija, sinasamuke."

Tobias anayang'ana kanjira kaja. Udzu unali wofika m'chiuno, utawerama ndi mame, ukunyezimira mpaka kudambo. Fungo la mpunga wakucha linamulowa m'mphuno. Kenako anayang'ana buluku lake.

"Atsibweni, ukwati ukuyamba m'mawa uno. Ndikalowa bwanji m'tchalitchi ngati ndachokera kogwira milamba? Kawatengeni amayi abwere kumsewu kuno."

"Iwe, unaona kuti nkhuku ikupita kukalonjera dzira?" anatero a Lackson. "Mwana amafika pakhomo, amati odi, amakhala pansi, ndiye amalonjeredwa. Amayi ako adzakulandirire pamsewu ngati akugulitsa nthochi? Tavula bulukulo, ulisenze pamutu. Ndani sakuidziwa miyendo yako kuno?"

Dalaivala anaseka. Kukanakhala kuti sanaseke, mwina nkhani ino bwenzi kulibe. Tobias anauma nkhope ngati ali paperete.

"Ine ndine Kaputeni, atsibweni."

A Lackson anapita ndithu, poti mwinimbumba ndi munthu wotumidwa ndi mbali zonse. Anabwerako okha, atanyowa ngati nkhuku ya m'mvula.

"Akuti iwo azira khonde, sanazire msewu."

"Ndibwera madzulo ukwati ukatha."

Apa a Lackson anasiya nthabwala, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Tobias, maso a amayi ako ayamba mitambo. Chaka chino munthu akumuzindikira akafika pafupi. Chaka chamawa sindikudziwa. Akufuna aone nkhope yako ya ukulu, poti yomwe ali nayo ndi ya kamnyamata ka mamina."

"Mitambo ndiye ntchito yanga," anatero Tobias, akutsegula chitseko cha galimoto. "Tidzawatengera kwa dokotala. Ndipo akandiona, andione bwino, nditavala yunifolomu."

Ukwati unali ndi bandi, unali ndi mowa wa m'mabotolo, unalinso ndi atsikana ofuna kudziwa kuti kumwamba kumazizira bwanji. Kaputeni anawafotokozera onse, mmodzimmodzi, mosathamanga. M'mawa mwake anali pa Chileka, mutu ukugunda ngati mtondo. Tambala uja anadya a Lackson, amene ankati sanalawepo nyama yowawa chomwecho, ngakhale anamaliza ndi mafupa omwe.

Tisamunamizire, ntchito ankaidziwa. Zaka zimenezo malire a dziko lija sankagona, ndipo ndege zachilendo zikasuzumira, Tobias ndiye ankakhala woyamba kunyamuka. Anakhala Meja. Anaphunzitsa anyamata ambiri kuuluka, ena mwa iwo ankamuopa kuposa imfa. Pomaliza anamupatsa gulu lonse la ndege zankhondo za pabwalo lawo, galimoto ya kambendera, ndi msilikali wongopukuta nsapato. Chaka chilichonse ankati apita kumudzi tchuthi chikubwerachi, ndipo chaka chilichonse pankapezeka nyenyezi ina ya paphewa yoti aidikire kaye. Akakhala kumwamba, dziko lonse linkaoneka losalala ngati mphasa. Kumeneko suona udzu, suona chisoso, suona mayi wagwira lichero. Umangoona kuti pansi pali bwinobwino.

Chimene chinamutsitsa sichinali chipolopolo. Mu 1974, akungonyamuka pabwalo, mbalame inalowa mu injini. Munthu amene anathera ubwana wake akulasa mbalame ndi legeni, abale ake a mbalamezo anamupeza. Anadziponya kunja ndi ambulera ija ya asilikali, koma anali pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo anatera ndi chiuno. Madokotala anamulumikiza monga momwe anathera. Kuuluka anati iwalani. Anamupatsa desiki, koma munthu wozolowera mphezi sakhalitsa pa desiki. Chaka chotsatira anamuchitira perete yotsanzikana, n'kumupachika mamendulo, ndipo galimoto ya kambendera inapita kwa mnyamata amene iye yemwe anamuphunzitsa.

M'chipatala muja, atagona chagada, sankalota ndege. Ankalota kulira kwa zitini, ndi nkhungu ikutsika phiri la Malosa, ndi zala zikumuchotsa chisoso.

Ulendo uno anabwera pa basi. Unali mwezi wa mpunga womwewo, m'mawa womwewo, kungoti nsapato zinali zitatopa ndipo m'manja munali ndodo. Jekete la mamendulo anavala ndithu, poti analonjeza. A Lackson, tsitsi litachita mbuu, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kundodo.

"Tidikire mame aume, bwana?"

"Tiyeni, atsibweni."

"Nditsogole ine?"

"Ayi. Malo amenewo ndi anga."

Anatsogola, akutsimphina, udzu ukumukwapula m'ntchafu, kuzizira kukulowa mpaka m'chitsulo chimene anamuika m'chiuno. Kanjira kaja, kamene kanamulepheretsa zaka zonsezi, kanali kakafupi kochititsa manyazi.

Mayi Enifa anali pakhonde akuwothera dzuwa. Kudimba anali atasiya kupita. Maso awo anali oyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Odi," anatero Tobias, ndipo anakhala pansi movutikira, mwendo umodzi utatambalala.

"Ndani?"

"Ndi ine, amayi. Tobias."

Mayiwo sanafulumire. Anatambasula manja n'kupeza nkhope, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono: ndevu, chipsera cha pachipumi, dazi limene linali litayamba. Anapukusa mutu. Manja anatsikira pachifuwa n'kugunda mamendulo.

"Nanga izi?"

"Zitsekerero za mabotolo, achemwali," anatero a Lackson. "Kumeneko munthu akamwa zambiri amamupachika."

Palibe anaseka. Manja anapitirira kutsika mpaka anafika pabuluku, ndipo anaima pamenepo. Linali lonyowa mpaka m'chiuno, chisoso chitamatirira paliponse. Zala zija zinayamba zokha ntchito yake yakale, kuchotsa chimodzichimodzi.

"Uyu ndiye wanga," anatero mayiwo chapansipansi. "Ukuyendabe ngati mbuzi yothawa chingwe."

"Ndabwera kuti mundione, amayi. Ndavala ndi yunifolomu yomwe."

"Wavalira atsibweni akowa. Ine ndinadikira ndi maso, maso anatopa n'kupita. Ukanalowa tsiku lija, ngakhale ndi kabudula wamkati, bwenzi ndili nayo nkhope yako. Pano ndingosunga ya kamnyamata komwe kaja. Palibe kanthu, kanali kokongola kuposa izi ndagwirazi."

Nthawi yomweyo ndege inamveka kuseri kwa phiri. Dzanja la mayi linapapasa pambali n'kugwira lichero, n'kulikweza pang'ono. Kenako mayiwo anakumbuka kuti wawoyo ali pompo. Analiika pansi, n'kubwerera ku chisoso.

A Lackson anayang'ana kudambo, n'kupukuta m'maso, ati utsi, pamene panalibe ndi moto womwe.

Tobias anakhala ku Domasi kuyambira pamenepo, ndipo mwezi wa mpunga ankamuona pachulu akukoka chingwe cha zitini. Ana akamufunsa za kumwamba ankawauza zonse, koma ankamaliza ndi mawu amene akuluakulu ananena ndege zisanabwere: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.