Mabulosi a Sandalamu

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo uwu wa lerowu akuti unabadwira m'munda wa chimanga, m'tsinde mwa phiri lina la ku Dedza.

Kumeneko kunali mayi wina wosanyengerera, aNangozo, amene anali ndi ana aakazi awiri okwatiwa pachikamwini. Mkamwini wamkulu anali Dafuleni, chimunthu cha chifuwa chotakata, cholima mizere khumi anzake akadali pa wachitatu. Wamng'ono anali Sandalamu, mwamuna wa Velina, kamunthu kowonda, kosayankhulayankhula, kogwira ntchito mwachifatse ngati kakusankha miyala mumpunga. Pamudzipo ankanong'onezana kuti Velina sanasankhe bwino.

Munda wa aNangozo unali pamtsetse. Chaka ndi chaka mvula ikakula, madzi ochokera kuphiri ankatsika mwaukali, kukumba chigwembe ndi kukokolola nthaka pamodzi ndi chimanga chomwe. Chaka china zinanyanya. Ndiye mvula itangosiya, anthu akusanja chimanga m'mikukwe, aNangozo anagawa kumtunda kwa mundawo pawiri: kummawa Dafuleni, kumadzulo Sandalamu, aliyense atchinge madzi mmene akudziwira. Popeza mkamwini ndi apongozi ake sayankhulana maso ndi maso, uthengawo unadzera mwa ana awo aakazi. Koma kwa Velina anawonjezapo mawu ena.

"Ukawauze amuna akowo kuti pano sitiweta alendo. Chaka chino ndikapanda kuona ntchito yawo, ndiitana ankhoswe, apinde mphasa yawo azipita kwawo."

Sandalamu atamva, mtima unamuwawa ndipo anachita mantha. Ankadziwa bwino za chikamwini, kuti wochoka amachoka yekha. Velina akanatsala, ndipo kamwana kawo kakakazi, kamene kanali katangoyamba kuyenda, kakanatsalanso.

Kutacha Sandalamu anawoloka mtsinje kupita kwa amayi ake, nabwerako ndi mtolo wa timitengo ta mabulosi, tonenepa ngati chala, tosapitirira chigongono kutalika kwake. Nthaka inali ikadali ndi chinyezi. Anakumba kangalande kumtunda kwa gawo lake, nathiramo manyowa a m'khola, nazika timitengoto mopendeka, mizere iwiri, mfundo zitatu m'dothi, ziwiri kunja. Anaphimbira ndi udzu ndi mapesi, kenako anatchinga ndi minga, pakuti chimanga chikachoka m'minda mbuzi zimamasulidwa, ndipo mbuzi ikaona tsamba la mabulosi imaiwala ndi mwana wake yemwe.

Kenako chinafika chisanu cha ku Dedza chija, chong'amba milomo ndi zidendene. Masiku atatu alionse Sandalamu ankatsikira kudambo ndi mtsuko, nkukwera nawo mtsetse wonsewo uli pamutu. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, mtsuko pamutu. Amayi kuchitsime ankaseka mpaka kugwira nthiti, ena kumufunsa ngati amubwereke nkhata, ena ngati akufunanso chitenje.

Dafuleni naye sanamusiye. "Mphwanga, mvula ibwera yokha yaulere. Iwe ukuvutikiranji kuthirira nkhuni?"

Kunena zoona, zinkaonekadi ngati nkhuni. Timasamba tomwe tinatuluka poyamba tinayoyoka ndi chisanu, kutsala timitengo totuwa tili ndandanda. Ngakhale Velina, amene ankamukonda mwamuna wake, tsiku lina anamufunsa akulira ngati sakanangounjika miyala, kuti amayi aone kuti pali chomwe chikuchitika. Sandalamu anakanda khungwa la kamtengo kamodzi ndi chikhadabo, namuonetsa kuti m'kati ndi mobiriwira. Anamuuza kuti nthawi yozizira chitsamba sichigona, chimagwira ntchito pansi pomwe anthu saona.

Kutayamba kutentha, mitengo ya kuphiri itavala masamba ofiira, mabulosi aja anaphukira onse pamodzi. Pofika Okutobala nthambi zinali m'chiuno. Velina anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo aNangozo omwe anaoneka akudutsa cha kumeneko kawiri, ati akufuna nkhuni.

Apa mpamene Sandalamu anachita chinthu chimene chinatsala pang'ono kumuthamangitsa pamudzi tsiku lomwelo. Ananola mpeni, nadula nsonga zonse, kusiya zitsambazo zikulekeza m'mawondo. ANangozo atafika nkuona masamba ali mbwee pansi, anatembenukira kwa Velina, koma mawu anakweza kuti amve ndi mwini wake.

"Miyezi isanu akutichititsa manyazi ndi mtsuko. Lero zaphuka, akuzidula. Kodi mutu wawo ukuyenda bwino amenewa?"

Sandalamu ananjuta chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu. Koma kamunthu aka kanali ndi matama ake, musakaone kuwonda.

"Velina, uwauze amayi kuti chitsamba chikathamangira kumwamba chimasiya mipata pansi. Madzi sadzera kumwamba."

ANangozo anangomanga chitenje mwamphamvu nkumapita.

Nanga Dafuleni? Iye miyezi yonseyi anali kumowa ndi ku bawo. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, anatenga nkhwangwa, nadula nthambi zikuluzikulu za mkuyu, zotalika kuposa munthu, nazizika m'masiku awiri okha. Mkuyu suchedwa. Patangotha masabata atatu, zinthambizo zinali zitatulutsa masamba, ndipo mpanda wake unkaonekera kumsewu. ANangozo anamuphera tambala. Zitsamba za Sandalamu zinali zitachita nthambi zambiri zolukanalukana, koma zinali zazifupi ndithu, moti pafupi ndi mpanda wa mnzake zinkachititsa chisoni. Mayiwo anaona kuti aona zokwanira, ndipo chaka chatsopano chitangolowa anatumiza uthenga kuti ankhoswe abwere Loweruka.

Lachinayi la sabata yomweyo, banja lonse likupalira, kuphiri kunada bii dzuwa lili paliwombo. Anathawira mu msasa wa m'mphepete mwa munda. Mvula inagwa yosaona pafupi, ndipo posakhalitsa anamva mkokomo: madzi ofiira akutsika, atanyamula zinyalala, miyala ndi zitsa. Sandalamu anangoima kukhomo kwa msasawo, mtima uli m'malere, podziwa kuti mlandu wake ukuweruzidwa pompo, ankhoswe asanafike.

Ku gawo la kummawa, mpanda wa Dafuleni unagwedezeka kamodzi, kenako nthambi zinayamba kugwa imodziimodzi. Madzi anazitenga nkuyamba kusesa nazo chimanga. Kumadzulo madzi anafikanso ndi ukali womwewo, nawomba pa mabulosi. Zitsambazo zinawerama, koma sizinazuke. Zinyalala zinakodwa m'nthambi zolukana zija, matope naunjikana kumbuyo kwake, ndipo madzi anadutsa atagawikana, ofooka, nkungolowerera m'mizere.

Mvula itakata anatuluka onse. Gawo la kummawa linali chigwembe chokhachokha. Gawo la kumadzulo chimanga chinali chiimire, chitangosamba.

Dafuleni anayamba kufotokoza kuti mbali yake ndi yomwe kunadzera madzi ambiri. ANangozo sanamumvere. Anatola nthambi imodzi ya mkuyu m'matopemo nayang'ana kutsinde kwake. Kunali kosalala ngati munsi, timizu tiwiri tokha tonga ulusi. Anaitaya, nakwera mtsetse kukafika pa mabulosi. Anagwira chitsamba chimodzi ndi manja awiri nakoka. Sichinasunthe. Anapondetsa phazi nakokanso ndi mphamvu zawo zonse, mpaka manja anapulumuka, iwo nkukhala pansi m'matope. Palibe amene anayerekeza kuseka.

Anakhala pomwepo kanthawi, akupuma, akuyang'ana chitsamba chija.

"M'mera mpoyamba," anatero. "Ife tinkayang'ana masamba, mnzathu akulera mizu."

Kenako anaitana Velina, mawu atawakwezanso monga mwa chizolowezi chawo. "Ukawauze bambo a mwanawo kuti ankhoswe abwera ndithu Loweruka. Ndiphika thobwa. Abwere adzaone mkamwini wanga."

Velina analira poyera, osabisa nkhope. Sandalamu anawomba m'manja katatu mwaulemu, natola khasu lake. Anthu amene anamuona akutsika mtsetse tsiku limenelo amati kamunthu kaja kankayenda ngati mundawo ndi phiri lomwe ndi zake, ndipo ine sindimuda nazo. Mwana wake anakulira pamiyendo pa bambo ake.

Mawu a aNangozo aja ndi amene anatsala pakamwa pa anthu mpaka lero: m'mera mpoyamba. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimalimba kapena kufooka malinga ndi mmene chinasamalidwira pachiyambi, nthawi yomwe sichinayambe kuoneka ndiponso palibe wokuyamikira. Mbewu, mwana, banja, ngakhale sukulu yanuyi, zonse zimafuna kuthiriridwa kukadali chisanu. Wodikira kuti ayambe tsiku lomwe mitambo yada akhoza kukhala ndi masamba okongola, koma madzi akatsika kuphiri safunsa za masamba.