Tsamba la Silaji

Anthu atabalalika pa swala ya Lachisanu, Rajabu Mkwanda, woyendetsa thiraki wa pa Ntaja, anatsalira pakhonde la mzikiti. Shehe Twaibu anali kupinda mikeka okha, pakuti mkulu ameneyu kutuma mnzake kunkamuvuta.

"Asalaam aleikum, a Shehe."

"Wa aleikum salaam, Che Rajabu. Nkhope yagwa bwanji, chonsecho mwabwerako bwino kuulendo?"

Rajabu anakhala pansi, natulutsa m'chikwama buku latsopano la chikuto chachikopa.

"Ndagulira amalume anga, Che Mwamadi. Mukuwadziwa, moyo wawo wonse uli pa mbiri ya mbumba yathu. Kope lawo lija latha, masamba akuthothoka. Ndati akoperemo mayina manja asanawakanike. Kodi mphatso imeneyi ikwana?"

"Bukuli ndi labwino," anatero Shehe. "Koma buku silingakugwetseni nkhope chonchi."

Rajabu anazolika. Ntaja yense ankadziwa kuti m'kope la Che Mwamadi munali tsamba limodzi lopanda kanthu, pamwamba pokha dzina: Silaji. Ameneyu anali mng'ono wawo, amene anapita ku Halale ali mnyamata, natchona. Zaka makumi asanu, kalata ndi imodzi yomwe ayi! Koma mkuluyo, abale inu, akatha swala iliyonse ankakwezabe manja kupempha Mulungu kuti am'bweze Silaji kwawo.

"Ndawapeza, a Shehe," anatero Rajabu. "Ulendo uno ndinakatsitsa feteleza pafamu ina kumeneko. Nkhalamba ina ya kwathu kuno itamva dzina la mudzi wathu, inandigwira dzanja n'kukandionetsa pamene anagona amalume Silaji. Anatisiya zaka makumi atatu zapitazo. Analibe mkazi, analibe mwana, ndipo pafamupo panalibe Msilamu wina. Anangowakulunga m'bulangete, osawasambitsa, osawaveka sanda, osawaswalira. Palibe ndi mwala womwe, udzu wokhawokha."

Anapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo.

"Amalume akudwala, inu mukudziwa. Nkhani yotere ndikaiyambe bwanji? Ndaganiza zongowapatsa bukuli n'kutseka pakamwa. Apite ndi chiyembekezo chawo."

Shehe anakhala pansi, mkeka uli pamiyendo. Chisoni chinawagwira nawonso, pakuti Silaji anaphunzira naye madrasa amodzi ali ana.

"Ine si wodziwa zambiri, mwini kudziwa ndi Mulungu," anatero Shehe. "Koma ndifunseko. Amalume anu akamapempherera akufa a mbumba yanu, amatchula angati?"

"Onse a m'kope muja, a Shehe. Sadumpha ndi khanda lomwe."

"Nanga Silaji?"

"Amenewo ayi. Amawawerengera kwa amoyo."

"Ndiye taonani, mwana wanga. Zaka makumi atatu Silaji wagona kuchilendo, palibe pakamwa pamene panam'pemphera chikhululuko. Wotsala mmodzi yekha amene angam'lire ndi mtima wonse, ndiye amene mukufuna kumubisira. Akatsikira kuli chete Che Mwamadi, adzam'lira ndani Silaji?"

Bukulo linali chikhalire m'manja mwa Rajabu, ndipo anachita nalo manyazi.

"Bukulo kawapatseni, si loipa," anapitiriza Shehe, akuvala nkhwaira zawo. "Koma tipitire limodzi. Mukawauze zonse, ndi za bulangete zomwe, pakuti munthu amene wasunga mbiri moyo wake wonse sapatsidwa bodza kumapeto. Mawa tiitana anthu timuswalire Silaji swala ya maliro, poti imaloledwa ngakhale thupi lili kutali. Amalume anu tikawanyamula pampando, akakhale mzere wakutsogolo. Alira, inde, alira kwambiri, ndipo tsamba lija akalilemba ndi dzanja lawo. Mphatso mwabwera nayo kale, Che Rajabu. Kawapatseni maliro a mng'ono wawo, akadali ndi mpweya wom'pempherera."